Subversion ndi ziphaso za seva zokayikitsa: kuchokera 2000 kufika lero

Kampani ya CollabNet inayamba kupanga Subversion mu 2000 kuti ilowe m'malo mwa CVS, pulogalamu yakale yosungira mbiri ya khodi. Pa njira ya pserver ya CVS, mawu achinsinsi ankadutsa pa netiweki atangosokonezedwa pang'ono, moti wodziwa ankatha kuwawerenga. Subversion, yomwe inafika pa 1.0 mu Febuluwale 2004, inkatha kuyenda pa HTTPS kudzera pa seva ya Apache. Ziphaso zinalowera pamenepa.

Seva ya HTTPS imadzidziwikitsa ndi chiphaso, ndipo chiphasocho chimayenera kukhala chosainidwa ndi bungwe lomwe kompyuta yanu imalidziwa kale. Nthawi imeneyo ziphaso zotere zinali zogula, choncho makampani ambiri ankangodzisainira okha. Munthu akalemba svn checkout, pulogalamuyo inkaima, n'kuonetsa chidindo cha chiphasocho ndi chifukwa chokayikira, kenako n'kufunsa ngati akukana, akuvomera kwa ulendo uno wokha, kapena akuvomera mpaka kalekale. Akadina p, chiphasocho chinkasungidwa mu ~/.subversion/auth/svn.ssl.server, funsolo osabweranso pokhapokha seva itasintha chiphaso kapena chiphasocho chitatha nthawi.

Funsoli analikonzera munthu amene ali pa kiyibodi. Script yomwe cron imayendetsa usiku ilibe womuyankhira, ndipo mukaipatsa --non-interactive imangolephera pomwepo. Anthu anapeza njira zachidule. Ena ankalowa pa akaunti yomwe script imayendera n'kudina p kamodzi pamanja, zomwe zinkafunika kubwereza pa makina atsopano aliwonse. Ena ankalemba echo p n'kulowetsa yankholo mu svn, ndiye kuti kuvomera chiphaso osachiona n'komwe.

Mu Malichi 2009 Subversion 1.6 inabwera ndi --trust-server-cert. Dzinali linanamiza ambiri, chifukwa lamuloli limakhululuka vuto limodzi lokha, la wosaina wosadziwika. Chiphaso chikatha nthawi, kapena dzina lolembedwapo likasiyana ndi adiresi ya seva, monga zimachitikira munthu akalemba nambala ya IP m'malo mwa dzina, script inkalepherabe. Kenako 1.8 ya mu Juni 2013 inatseka njira ya echo: svn ikaona kuti sikulumikizidwa ku teminolo, imasiya yokha kufunsa, kupatula ngati mwalemba --force-interactive. Mu Ogasiti 2015, 1.9 inabweretsa --trust-server-cert-failures, pomwe wolemba script amatchula yekha zomwe akukhululuka: unknown-ca, cn-mismatch, expired, not-yet-valid kapena other. Ili ndi dzina loona mtima, poti limanena poyera kuti pali zomwe zalakwika.

Komabe pali chodabwitsa. Njira yakale yodina p pamanja, yomwe inkaoneka yachikale, inali yotetezeka kuposa malamulo atsopanowa, malinga munthuyo atayamba wafananiza chidindocho ndi cha mwini seva. Inkamangirira script ku chiphaso chimodzi chodziwika. Koma unknown-ca imavomera chiphaso chilichonse chodzisainira chomwe chili ndi dzina loyenera, ndipo wakuba amene wakhala pakati pa inu ndi seva akhoza kupanga chotero m'mphindi imodzi. Akatero amalandira mawu anu achinsinsi, n'kukutumizirani khodi yomwe wafuna, makina anu n'kuimanga osafunsa.

Git, yomwe Linus Torvalds anayamba mu 2005, sifunsa n'komwe, imangokana. Chimene chinafala kumeneko ndi GIT_SSL_NO_VERIFY ndi http.sslVerify=false, zomwe zimazimitsa kufufuza konse. Let's Encrypt itatsegukira aliyense mu Disembala 2015 n'kumapereka ziphaso zaulere za masiku 90, chifukwa chodzisainira chinachepa kwambiri. Koma pa 30 Seputembala 2021 chiphaso cha muzu cha DST Root CA X3, chomwe ziphaso za Let's Encrypt zinkadalira, chitatha nthawi, makina okhala ndi OpenSSL 1.0.2 anayamba kukana maseva abwinobwino, ndipo ambiri anathamangiranso kozimitsa.

Pa seva ya m'kati mwa kampani, njira yomwe ndimaiona yolondola si yatsopano ayi. Mu fayilo ya servers ya Subversion muli mzere wa ssl-authority-files, ndipo Git ili ndi http.sslCAInfo. Mumatenga chiphaso cha wosainayo kwa woyang'anira seva, n'kuchiika pa makina omangirawo, n'kulozetsa mzerewo kumeneko. Script imayenda osafunsa, koma ikakumana ndi seva yachilendo imaima.