Mbalame ya ku Njesi ndi zimene zingaphe nkhalango yake

Kumpoto kwa mzinda wa Lichinga kuli mapiri a Njesi, amene pa Chipwitikizi amatchedwa Serra Jeci. M'nkhalango zobiriwira za pamwamba pake mumakhala mbalame imene sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Akatswiri amaitcha Artisornis sousae. Ndi yaing'ono ngati timba, yotuwa, ya mlomo wautali, ndipo imadya tizilombo m'masamba ndi m'ziyangoyango za mitengo.

Mbiri yake

Woyamba kuigwira kuti akatswiri aione anali Jali Makawa, m'chaka cha 1945, pogwira ntchito ndi C. W. Benson, katswiri wa mbalame amene ankakhala ku Nyasaland. Panapita zaka zoposa 50 akatswiri asanaionenso, mpaka mu 2001 pamene Peter Ryan ndi Claire Spottiswoode anakwera ku Njesi. Mu 2016 gulu lina linaipezanso pa mapiri a Chitagal ndi Sanga. Kale inkayesedwa mtundu umodzi ndi mbalame ya ku mapiri a Usambara ku Tanzania, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000, koma tsopano imawerengedwa payokha. Bungwe la IUCN linaiika pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yoti zithe.

Nkhalango yake si yaikulu. Ndi timagawo tamitengo m'zigwa ndi m'mphepete mwa mitsinje, tozunguliridwa ndi udzu. Kagawo kamodzi kakatha, mbalameyi ilibe kothawira.

Moto

Mdani woyamba ndi moto wolusa wa m'chilimwe, makamaka wa alenje. Umadya udzu, nukafika m'mphepete mwa nkhalango n'kupha timitengo tating'ono. Chaka ndi chaka nkhalango imabwerera m'mbuyo, ndipo pamalo popsapo ndi pamene zomera zachilendo zimapeza mpata.

Matenda ndi tizilombo ta mitengo

Phiri la Mulanje ku Malawi, pafupi ndi Milange, likuonetsa zimene zingachitike. Nsabwe za mitengo zotchedwa Cinara cupressi zinaoneka ku Malawi mu 1986 ndipo zinafooketsa mkungudza wa paphiripo. Odula matabwa ndi moto anamaliza zotsalazo: kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha.

Bulugamu nayenso ali ndi mdani wake, kamavu kakang'ono kochokera ku Australia kotchedwa Leptocybe invasa, kamene kanafika kale m'Moçambique. Kamaikira mazira m'misonga yanthete, masamba n'kutuluka timatuza, mbande n'kupinimbira. Kachilombo kameneka sikadya mitengo ya ku Njesi, koma vuto lake limafikabe kumeneko. Bulugamu wa pamudzi akalephera kukula, anthu amakasaka milimo, nkhuni ndi makala m'nkhalango zachilengedwe.

Zomera zachilendo

Paini wa mtundu wa Pinus patula anachokera ku Mexico. Njere zake zimauluka ndi mphepo, ndipo ku Mulanje ndi ku Nyika anatuluka m'minda yake n'kuyamba kumera yekha, moti panafunika ntchito yaikulu yomudula. Pansi pa paini wothithikana sipamera zambiri, choncho mbalame zodya tizilombo sizipezapo chakudya chokwanira. Popeza Lichinga wazunguliridwa ndi minda ya paini ndi bulugamu, malo obzala mitengoyi ayenera kusankhidwa mosamala.

Chomera china ndi lantana, chitsamba chaminga cha maluwa amawangamawanga chimene ena amachiyesa mpanda wabwino. Mbalame zimadya zipatso zake n'kumwaza njere kutali. Chimatseka malo amene mitengo yachilengedwe ikanaphukira, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe.

Zimene alimi angachite

Kulambula njira zotchinga moto udzu usanaumitsitse, ndi kugwirizana ndi mafumu za nthawi yotentha minda.

Kubzala paini ndi bulugamu pafupi ndi mudzi, osati m'mphepete mwa nkhalango za m'mapiri kapena pa akasupe, ndi kuzula mbande zomera zokha zikadali zazing'ono.

Kusagula kapena kuwolotsa malire mbande zokhala ndi timatuza kapena nsabwe. Zodwala zizulidwe n'kutenthedwa pamalo otetezeka, ndipo alangizi a SDAE a m'bomalo adziwitsidwe.

Kuzula lantana ndi mizu yomwe asanabale zipatso, chifukwa wodulidwa amaphukanso.

Okhala mumzinda ali ndi gawo lawo. Thumba la makala logulidwa ku Namacula linali mtengo kwinakwake, ndipo mbaula yosunga moto imachepetsa mitengo yogwetsedwa. Nkhalango za m'mapiri zimasunganso akasupe amene amathirira madimba a m'munsi. Zikatha, mbalame ya ku Njesi idzatha nazo, ndipo mitsinje idzayamba kuphwa msanga m'chilimwe.