Megapikiseli

Chithunzi cha kamera ya dijito chimapangidwa ndi timadontho tating'onoting'ono totchedwa mapikiseli. Megapikiseli imodzi ndi timadontho 1 miliyoni. Motero chithunzi cha timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi chili ndi mamegapikiseli 12.

Ogulitsa makamera amakonda kunyengerera makasitomala ndi nambala imeneyi, koma kukula kwake sikutanthauza kuti chithunzi chituluka bwino. Kutsukitsa chithunzi cha masentimita 10 m'lifupi ndi 15 m'litali kumangofuna mamegapikiseli awiri. Komanso timadontho tambiri tikapanikizana pa sensa yaing'ono, kachipangizo kolandira kuwala m'kamera, kadontho kalikonse kamalandira kuwala kochepa, ndiye zithunzi zojambulidwa kukada zimatuluka zamawangamawanga.

Choncho pogula kakamera ka m'thumba ndalama zili zoperewera, funsani kaye za kukula kwa sensa ndi ubwino wa lenzi.