Mapu Amene Anatsogolera Njanji ndi Ng'ombe ku Texas

Texas atadzipatula ku Mexico mu 1836, ndalama analibe. Chuma chake chinali nthaka, ndipo nthakayo ndi imene ankalipirira asilikali ndi kukopera alendo odzakhazikika. Koma sungalipire munthu ndi malo amene sunawayeze. N'chifukwa chake chaka chomwecho anakhazikitsa ofesi ya General Land Office, imene mpaka lero ikusunga ku Austin mapu akale a maboma a m'derali, omwe tsopano alipo 254.

Mapu oyambirira ankatsata madzi. Malo a anthu ankandandalika m'mbali mwa mitsinje, aliyense ndi dzina lake, ndipo muyezo unali vara, wotengera kwa Asipanishi. Ambiri mwa ojambula aluso anali ochokera ku Germany, monga Charles Pressler amene analowa ntchito mu 1850. Ngakhale mlembi wa nthano O. Henry anagwirapo ntchitoyi kuyambira 1887 mpaka 1891.

Njanji ndi imene inasintha nkhope ya mapuwa. Lamulo la mu 1854 linkapatsa kampani zigawo 16 za malo, chilichonse cha maekala 640, pa mailo iliyonse ya njanji imene yayala. Kampaniyo inkayeza yokha malowo, chigawo china chake, choyandikana nacho cha boma, mwakuti pepala linkaoneka ngati bolodi la drafuti. Pofika 1882, pamene mphatsoyi inathetsedwa, maekala oposa 32 miliyoni anali atapita. Mpaka pano mungapeze dzina la kampani ya njanji litadzaza mapu a dera limene sitima yake sinapondemo n'kamodzi komwe.

Kumpoto, kuchigawo cha Panhandle, n'kumene nkhaniyi imandigwira mtima. Mu 1876 aphungu anadula maboma 54 papepala kumeneko ndi m'madera oyandikana nako, ambiri a makona anayi, kulibe tawuni kapena bwalo la milandu. Panali patangotha chaka chimodzi chichotsedwere Akomanche, amene ankadziwa kasupe aliyense ndi njira iliyonse ya njati m'zigwa zimenezo. Ojambula analemba mitsinje ndi zigwembe mosamala, koma eni ake akalewo sanawasiyire malo. Ichi n'chosoweka chachikulu, ndipo woyamikira kukongola kwa mapuwa asachiiwale.

Kenako kunabwera ng'ombe. Texas anapereka maekala 3 miliyoni kwa amalonda a ku Chicago kuti amange nyumba ya malamulo ya ku Austin, ndipo pamalowo panabadwa famu ya XIT, yokhudza maboma khumi. Waya waminga ndi mijigo yoyendera mphepo zinachititsa kuti mizere ya papepala ija ikhale malire enieni oti ng'ombe singadutse.

Njanji ya Fort Worth and Denver City itadutsa m'chigawochi mu 1887 ndi 1888, matawuni anayamba kubadwa ndi kufa motsatira chitsulo. Amarillo anaphuka. Dalhart anamera mu 1901 pamphambano ya njanji ziwiri. Tascosa, kumene abusa a ng'ombe ankasonkhana, anatsala kutsidya la mtsinje wa Canadian, nafota pang'onopang'ono kufikira likulu la boma limene linali kumeneko linasamukira ku Vega mu 1915.

XIT inagulitsa ng'ombe zake zomaliza mu 1912, malo n'kugawidwa kwa alimi. M'zaka za m'ma 1930 mapu a misewu ya galimoto anatenga malo, koma oyeza malo, maloya ndi makampani a mafuta amabwererabe ku mapu akale aja, poti zikalata za umwini wa malo zimatchulabe zigawo ndi manambala amene anajambulidwa nthawi ya njanji.