Magalasi a ku Delft ndi Tamoyo Tosaoneka ndi Maso

Luso lonola magalasi okuza zinthu linakula kwambiri ku Netherlands m'zaka za m'ma 1600, ndipo ena mwa amene ankawadalira anali amalonda a nsalu, omwe ankawerenga ulusi pofuna kudziwa ngati nsalu yawombedwa bwino. Antonie van Leeuwenhoek, yemwe anabadwira ku Delft mu 1632 ndipo sanaponde ku yunivesite, anali mmodzi wa amalondawa, koma iye anapitiriza lusoli kufika pamene akatswiri a nthawi yake sanafike.

Ku London, Robert Hooke anali atasindikiza kale buku la Micrographia mu 1665, momwe anajambula maselo, kutanthauza tizipinda timene timapanga thupi la chamoyo, ngakhale kuti zimene anaona m'khungwa louma zinali makoma chabe a maselo akufa a chomera. Maikulosikopu ya Leeuwenhoek inali yosiyana: kagalasi kamodzi, kochepa ngati njere ya mapira, kankapanikizidwa pakati pa timalata tiwiri, chinthu chofuna kuonedwa ankachiika pansonga ya singano, ndipo chida chonsecho ankachiyandikiza kudiso moyang'ana kuwala. Kunali kotopetsa maso, komabe magalasi ake ena ankakuza chinthu kuposa ka 200. Mu 1674 anafotokoza maselo ofiira a magazi ndi tamoyo tosambira m'madzi a m'nyanja, mu 1676 anaona mabakiteriya, omwe ndi tamoyo ta selo imodzi, m'madzi onyikamo tsabola, ndipo mu 1683 anawapezanso mu zoyera zimene anapala m'mano ake ndi a nkhalamba zomwe sizinkatsuka mkamwa. Bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society linayamba lakayika makalata ake ofotokoza zimene ankaona mpaka Hooke atatsimikizira yekha mu 1677.

Chodandaulitsa n'chakuti Leeuwenhoek anabisa njira yake yopangira magalasi abwino koposa ndipo sanaphunzitse aliyense, moti atamwalira mu 1723 ntchito yofufuza mabakiteriya inazilala kwa zaka zoposa 100. Kuona tamoyoto sikunali kokwanira, pakuti panalibe amene anasonyeza kuti tina mwa ito ndi timene timadwalitsa anthu. Umboniwo unadza mochedwa, pamene Alphonse Laveran anaona kachilombo ka malungo m'magazi a wodwala ku Algeria mu 1880, ndipo Robert Koch anapaka utoto bakiteriya wa chifuwa chachikulu n'kumuonetsa ku Berlin mu 1882. Kuyeza magazi ndi makhololo pa maikulosikopu, kumene kumachitika m'zipatala za m'Malawi mpaka lero, kunachokera pa ntchito ya anthu awiriwa.