Kuwombana kwa maadiresi pakati pa makina a virtual ndi switch

Kuwombana kwa maadiresi ndi vuto lomwe limachitika pamene zipangizo ziwiri za pa netiweki imodzi zikugwiritsa ntchito adiresi yofanana ya IP kapena ya MAC. Vutoli limavuta kwambiri kulipeza pa maseva oyendetsa makina a virtual, monga a VMware ESXi, Hyper-V ndi KVM, chifukwa seva imodzi imanyamula makompyuta ambiri omwe onse amatulukira pa chingwe chimodzi kapena ziwiri kupita ku switch. Chizindikiro chake n'chakuti kompyuta imayankha kwa kanthawi, kenaka n'kusowa, n'kubweranso popanda munthu kukhudza chilichonse.

Momwe switch imadziwira maadiresi

Adiresi ya MAC ili ndi mabiti 48, ndipo 24 oyambirira amasonyeza wopanga. Makina a virtual alibe khadi lenileni la netiweki, choncho pulogalamu ndi yomwe imawapatsa adiresi: ya VMware imayamba ndi 00:50:56 kapena 00:0C:29, ya Hyper-V ndi 00:15:5D, ya KVM ndi 52:54:00.

Switch imalemba mu tebulo lake port yomwe adiresi iliyonse ya MAC yaonekera komaliza. Pa ma switch ambiri a Cisco, adiresi imafufutika pakatha masekondi 300 isanamvekenso. Adiresi imodzi ikamaonekera pa ma port awiri mosinthanasinthana, switch imangosintha tebulolo nthawi ndi nthawi, ndipo uthenga wina umapita kolakwika. Zimenezi zimatchedwa MAC flapping. Adiresi ya IP imalumikizidwa ku ya MAC kudzera mu ARP, njira yomwe inafotokozedwa mu RFC 826 m'chaka cha 1982.

Zoyambitsa

Kawirikawiri vuto limayamba pokopera makina a virtual pamodzi ndi adiresi yake yokhazikika. Pa Linux, makina awiri okopedwa akhoza kulandira IP imodzi kuchokera ku DHCP ngakhale ma MAC awo ali osiyana, ngati fayilo ya /etc/machine-id ndi yofanana, pakuti systemd-networkd imapanga chizindikiro cha kompyutayo kuchokera mu fayiloyi.

Hyper-V ili ndi msampha wakewake. Seva iliyonse imakhala ndi maadiresi a MAC 256 oti igawe, ndipo zigawo ziwiri zotsatira 00:15:5D zimachokera ku manambala awiri omaliza a IP ya sevayo. Maseva awiri omwe anali ndi manambala omaliza ofanana pa nthawi yomwe Hyper-V inkaikidwa amagawa maadiresi ofanana. Pa ESXi, vmk0 imatenga adiresi ya khadi lenileni pa nthawi yoika pulogalamu ndipo imaisungabe. Khadilo likachotsedwa n'kukaikidwa mu seva ina, adiresi imodzi imakhala pa maseva awiri.

Nthawi zina sipakhala adiresi yobwerezedwa n'komwe. Seva yolumikizidwa ndi zingwe ziwiri ikaikidwa pa njira ya Route based on IP hash, imafuna kuti ma port awiri a pa switch amangidwe pamodzi ngati EtherChannel. Popanda zimenezo, switch imaona MAC imodzi ikutulukira mbali ziwiri ndipo imadandaula ngati kuti pali makompyuta awiri.

Palinso chenjezo labodza. RFC 5227 ya m'chaka cha 2008 imati kompyuta isanayambe kugwiritsa ntchito adiresi, itumize funso la ARP lochokera ku 0.0.0.0 kuti ione ngati wina ali nayo kale. Ma switch a Cisco okhala ndi IP Device Tracking amatumizanso mafunso otere, ndipo funso la switch likafika pamene Windows ikuchita kafukufuku wake, Windows imaganiza kuti adiresiyo ili ndi mwini, n'kuisiya.

Kufufuza vutoli

Choyamba ndi kusiyanitsa ngati yobwerezedwa ndi IP kapena MAC. Lamulo la arping pa Linux likabweza mayankho ochokera ku ma MAC awiri osiyana, ndiye kuti ndi IP. Windows imalemba zimenezi ngati Event ID 4199, pamodzi ndi MAC ya chipangizo chinacho, ndipo manambala oyambirira a MAC imeneyo amasonyeza ngati ndi makina a virtual kapena chipangizo chenicheni.

Kenaka amayang'ana pa switch ndi lamulo la show mac address-table. Uthenga wa MACFLAP_NOTIF umatchula ma port awiri omwe akukanganirana adiresiyo. Ngati onse akupita ku seva imodzi, cholakwika chili pa mamangidwe a zingwe. Ngati akupita ku maseva awiri, adiresi ndi yobwerezedwadi. Kusuntha kamodzi kokha si vuto, chifukwa makina akasamutsidwa ndi vMotion, ESXi imatumiza uthenga wa RARP kudziwitsa switch za malo atsopano.

Akakonza adiresi, vuto likhoza kuoneka ngati silinathe. Rauta ya Cisco IOS imasunga tebulo la ARP kwa maola 4, choncho tebulolo limafunika kulifufuta ndi lamulo la clear arp-cache kuti adiresi yatsopano iyambe kugwira ntchito msanga.