Sonochemistry

Sonochemistry ndi nthambi ya kemisitiri imene imafufuza kusandulika kwa zinthu pamene mafunde a phokoso losamveka ku khutu la munthu, opitirira 20,000 pa sekondi, alowetsedwa m'madzi kapena m'zamadzimadzi zina. Richards ndi Loomis a ku America ndiwo anayamba kulemba za ichi m'chaka cha 1927.

Mafundewo, pokankha ndi kukoka madzi mosinthanasinthana, amabala timathovu timene timakula n'kuphwanyika mwadzidzidzi. Ndipo pakuphwanyikapo kutentha kwa m'kati mwake kumafika pafupifupi madigiri 5,000, kotero kuti madzi amagawanika, natulutsa tizidutswa taukali timene timapanganso hydrogen peroxide. Nthawi zina timathovuto timang'anima, monga anaonera Frenzel ndi Schultes ku Cologne mu 1934, ndipo kuwalako kumatchedwa sonoluminescence. Akatswiri ambiri amati gwero la zonsezi ndi kutenthako. Koma ena, monga Margulis wa ku Russia, anaphunzitsa kuti magetsi amaunjikana pakhungu la thovu lopindika, nathetheka ngati kamphezi.

Njirayi imathandiza kuwononga poizoni m'madzi oipa, kufulumizitsa kusandulika kwa mankhwala, ndi kupanga tinthu tachitsulo tosaoneka ndi maso.