Malamulo a Khalidwe Posindikiza Kafukufuku: Zitsanzo za ku Mangochi

Malamulo a khalidwe posindikiza kafukufuku ndi mfundo zimene olemba, akonzi ndi ounika nkhani amatsatira kuti zotuluka m'magazini a akatswiri zikhale zoona, zopezeka mwachilungamo, ndiponso zosavulaza anthu amene kafukufukuyo anachitikira pa iwo. Ambiri mwa malamulowa si a boma. Anapangidwa ndi madokotala ndi akonzi eniake. Chikalata cha Helsinki cha 1964 chinaika malire pa kafukufuku wochitikira pa anthu. Akonzi a magazini a zachipatala amene anakumana ku Vancouver mu 1978 anayambitsa gulu lomwe lero limatchedwa ICMJE, ndipo mu 1997 kunabadwa bungwe la COPE, limene limalangiza akonzi akakumana ndi chinyengo.

Boma la Mangochi ndi malo abwino oonerapo mmene mfundozi zimagwirira ntchito, chifukwa ndi limodzi mwa maboma amene afufuzidwa kwambiri m'Malawi. Pakati pa 1987 ndi 1990, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la CDC la ku America anachita kafukufuku wamkulu wa malungo mwa amayi oyembekezera, ndipo zotsatira zake zinasonkhanitsidwa mu American Journal of Tropical Medicine and Hygiene mu 1996. Ku Lungwena, tsidya la kum'mawa kwa nyanja, akatswiri a College of Medicine ndi a yunivesite ya Tampere ya ku Finland akhala akutsatira amayi ndi ana kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Ku Cape Maclear ndi Monkey Bay kumabwera ofufuza mbuna, chambo, nkhono ndi likodzo.

Chilolezo

Magazini odalirika salandira nkhani ya kafukufuku wa pa anthu ngati olemba sanatchule komiti imene inavomereza ntchitoyo isanayambe. M'Malawi, kafukufuku wa zaumoyo amadutsa ku National Health Sciences Research Committee kapena ku COMREC, komiti ya College of Medicine, sukulu imene kuyambira mu 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Oyang'anira zonse ndi a National Commission for Science and Technology.

M'nkhani yosindikizidwa, chilolezo cha otenga nawo mbali chimangotenga mzere umodzi. Kumudzi chimatenga masabata. Anthu ambiri a ku Mangochi amalankhula Chiyao, choncho kalata yachilolezo ya m'Chingerezi, ngakhale ya m'Chichewa imene, sikwanira paliponse. Wosadziwa kulemba amadinda chala pamaso pa mboni yosakhala wa m'gulu la ofufuza. Amfumu ndi mashehe amayenera kumva kaye, koma kuvomera kwa mfumu sikulowa m'malo mwa kuvomera kwa mayi amene akutengedwa magazi. Iyeyo ali ndi ufulu wokana, kapena wosiyira panjira, osataya thandizo lake la kuchipatala. Nkhani ya magazi ndi yovuta kwambiri. Mphekesera za anamapopa, zimene zinaphetsa anthu m'chigawo cha kummwera mu 2017, zimasonyeza chifukwa chake wofufuza ayenera kufotokoza momveka kuchuluka kwa magazi otengedwa, kumene akupita, ndi amene adzawasunge.

Zotsatira zosakondweretsa

Chinyengo chimene anthu amachidziwa ndi kupeka manambala. Koma chofala kuposa icho ndi chachete: kubisa kafukufuku amene sanapeze zimene eni ake ankayembekezera. Mankhwala akayesedwa kasanu, n'kusindikizidwa kawiri kokha pamene anaoneka ngati agwira ntchito, dokotala wowerenga amasocheretsedwa popanda wina kunama bodza ndi limodzi lomwe. N'chifukwa chake kuyambira mu 2005 magazini a m'gulu la ICMJE amafuna kuti kafukufuku woyesa mankhwala alembetsedwe poyera asanayambe, ndi kunena pasadakhale chimene adzayeze.

Mangochi ili ndi zitsanzo ziwiri zabwino. Mu kafukufuku wa iLiNS-DYAD, amayi oyembekezera 1,391 a ku Mangochi, Malindi, Lungwena ndi Namwera anagawidwa m'magulu, ena n'kulandira chakudya chowonjezera chonga chiponde, ena mapiritsi. Nkhani zimene zinatuluka mu 2015, zotsogozedwa ndi Per Ashorn pamodzi ndi anzake monga Kenneth Maleta, zinanena mosabisa kuti chakudyacho sichinasinthe kwenikweni kukula kwa ana, pobadwa ngakhale atafika miyezi 18. Ntchito yodya ndalama zambiri chotero ikatha ndi yankho loti "palibe kusiyana", chiyeso chofunafuna kagulu kena kamene zinakayendera bwino n'kukaika pamutu wa nkhani chimakhala chachikulu. Apa m'pamenenso pamalowa lamulo loulula wopereka ndalama ndi wopanga chinthu choyesedwacho, kuti wowerenga adziweruzire yekha ngati pali amene akanapindula ndi yankho lina.

Chachiwiri ndi MORDOR, kafukufuku wopatsa ana osakwana zaka zisanu mankhwala a azithromycin kawiri pachaka, amene anachitika ku Niger, ku Tanzania, ndi ku Malawi kuno m'boma la Mangochi. New England Journal of Medicine inasindikiza zotsatira mu 2018: imfa za ana zinatsika ndi 13.5 peresenti maiko onse atatu akaphatikizidwa. Nambala imeneyi yokha ikanakhoza kugulitsa mankhwalawo paliponse. Koma nkhaniyo inaonetsanso dziko ndi dziko: 18.1 peresenti ku Niger, 5.7 ku Malawi, 3.4 ku Tanzania, ndipo m'maiko awiri omalizawa kutsikako kunali kochepa moti sikukanasiyanitsidwa bwino ndi mwayi chabe. Pamene bungwe la WHO linatulutsa malangizo mu 2020, silinavomereze kugawa mankhwalawa kwa ana onse. Linati aganiziridwe kwa makanda a mwezi 1 mpaka 11 m'madera amene imfa za ana n'zochuluka kwambiri.

Dzina la ndani

Mkangano umene umapweteka Amalawi ambiri ogwira ntchitoyi ndi wa maina. Malinga ndi ICMJE, wolemba ndi amene anathandiza kwambiri pokonza kafukufuku, posonkhanitsa kapena pomasulira zopezeka, amene anatenga mbali polemba, amene anavomereza nkhani yomaliza, ndiponso amene ali wokonzeka kuyankha mafunso pa iyo. Kuika dzina la bwana amene sanagwire kanthu n'kulakwa. Kusiya dzina la amene anagwira n'kulakwanso.

Papepala mfundoyi ndi yoongoka, koma ili ndi mpata umene anthu amazemberapo. Namwino kapena wofufuza wachinyamata wa ku Mangochi akhoza kuyenda m'midzi zaka ziwiri, koma ngati sanaitanidwe polemba, lamulo lomwelo limamutsekera kunja, n'kungotchulidwa m'mawu othokoza akumapeto. ICMJE imanena kuti woyenerera pa mfundo yoyamba apatsidwe mwayi wokwaniritsa zinazo, ndipo apa m'pamene khalidwe la mtsogoleri wa kafukufuku limaonekera. Magazini ena tsopano amafunsa chifukwa nkhani yochokera m'dziko ilibe wolemba wa m'dzikomo. Funso lomweli limakhudza ofufuza nsomba, amene zitsanzo zawo zambiri zimakasungidwa kunja. Pangano la Nagoya la 2010 limafuna chilolezo cha dziko ndi kugawana phindu la zamoyo zotengedwazo.

Kuunika, kukonza ndi kubweza

Nkhani isanatuluke, mkonzi amaitumiza kwa akatswiri awiri kapena atatu kuti aiunike mwachinsinsi. Wounika saloledwa kugwiritsa ntchito zimene wawerenga, kapena kuchedwetsa nkhani ya wopikisana naye. Kukopera zolemba za ena popanda kuwatchula, ndi kusindikiza nkhani imodzi kawiri, n'zoletsedwa. Cholakwa chaching'ono chimakonzedwa ndi chidziwitso. Chachikulu chimachititsa kuti nkhani ibwezedwe, monga The Lancet inachitira mu 2010 ndi nkhani ya Andrew Wakefield ya 1998 yonamizira katemera, patatha zaka 12 ikuopseza makolo.

Ndalama ndi owerenga

Magazini ambiri owerengedwa mwaulere pa intaneti amalipiritsa wolemba, nthawi zina madola zikwi zingapo. Izi zabala magazini adyera, amene amatumiza maimelo okopa, kulandira ndalama, n'kusindikiza m'masiku ochepa popanda kuunika kulikonse. Mphunzitsi wa kuyunivesite amene kukwezedwa kwake kukudalira chiwerengero cha nkhani ndiye amakodwa msanga. Malawi Medical Journal, imene imapezeka pa African Journals Online ndi pa PubMed Central, imapatsa olemba a kuno njira ina yodalirika, ndipo aliyense akhoza kuiwerenga osalipira. Komabe imatuluka m'Chingerezi ngati anzake ambiri, choncho mayi wa ku Lungwena amene anadinda chala amamva zotsatira pokhapokha ofufuza atabwerera kukachititsa msonkhano m'mudzimo, m'Chiyao kapena m'Chichewa. Chikalata cha Helsinki chimanena kuti otenga nawo mbali apatsidwe mwayi womva zotsatira, koma ndi magazini ochepa amene amafunsa olemba ngati msonkhanowo unachitikadi.